Ulusi m'Magazi a Telala

A Telala anasiya kumwa mankhwala tsiku Lachiwiri, ndipo sanauze munthu. M'mawa uliwonse akazi awo ankawakulungira piritsi limodzi m'kapepala kuti akamwere kushopu, chifukwa bamboyo ankalawirira madzi a tiyi asanawire. Akafika, ankatsegula kadilowa ka makina osokera, n'kuponya piritsilo pakati pa mabobini ndi mabatani, n'kutseka. Mapiritsiwo anali oyera, obulungira, moti wosadziwa akadayesa mabatani a shati omwe anaiwalika kubooledwa. Pofika tsiku la nkhani yathuyi analimo khumi.

Tisafulumire kuwaweruza. A Telala sanali munthu wachibwana, ndipo sanatope nawo moyo. Anasiya mankhwalawo chifukwa chofuna kukhala ndi moyo, pakuti m'kuona kwawo mankhwalawo ndiwo ankawatha.

Zinayamba chaka chapitacho, pamene anayamba kuwodzera phazi lili pa chopondera cha makina. Tsiku lina anasokera mkono wa jekete chadodolido, chinthu chimene sanachitepo m'zaka makumi atatu za ntchito yawo. Akazi awo anawakokera kuchipatala, ndipo kumeneko anapezeka ndi kachilombo ka m'chiwindi, kamene kanakhalamo zaka zambiri osadziwika. Dokotala wake anali bambo wa imvi za m'mbali, wolankhula mofulumira ngati basi ikumusiya.

"Tiyezanso kolajeni wa mtundu wachinayi m'magazi mwanu," anatero dokotalayo uku akulemba.

"Kolala wa chiyani, adokotala?"

"Kolajeni. Tingoti ndi ulusi wa m'thupi. Mumagwira ntchito yanji, bambo?"

"Ndine telala."

"Basi, inu ndiye mumva msanga. Mukuidziwa nsalu ya m'kati mwa jekete? Thupi nalo lili ndi yake, yopyapyala kwambiri, imene imayalidwa pansi pa tizigawo ta ziwalo kuti tikhazikike. Nsaluyo ndi yolukidwa ndi ulusi umenewu. Ndiye chiwindi chikamavulala..."

Dokotalayo anapitiriza, ndipo ziyenera kuti zomwe ananena zinali zoona zokhazokha. Koma a Telala anali atatsalira pa nsalu ya m'kati. Chilowereni m'chipatalamo, aka kanali koyamba kumva mawu a kwawo. Anagwedeza mutu, nagwedezanso. Ndani akadawaphunzitsa za nsalu ya m'kati? Iwo ankadziwa kuti jekete imayamba kufera m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino. Ankadziwanso kuti nsalu yabwino ndi ya ulusi wambiri, wothithikana, ndipo ya ulusi wochepa ukaiyang'anitsa padzuwa umaona tsidya. Dokotala atafunsa kuti, "Mwamva?" iwo anayankha mwamphamvu, "Ndamva kwambiri."

Zotsatira zitabwera, dokotalayo anazunguliza nambala ndi cholembera: 236. "Ndi yokwera ndithu," anatero. "Yambani mankhwalawa, musadumphitse tsiku. Tidzayezanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi." A Telala anatuluka mtima uli m'malo. Kachilombo kalipo, inde, koma nsalu ya m'kati ndi yokhuthala, dokotala wanena yekha. Anakadzitama nazo kwa mnzawo wosoka nsapato, amene shopu yake inagundana ndi yawo, munthu yemwe msewu wonse unkamutcha Chidendene.

"Aneba, ine m'kati muno ndine suti ya bwana," anatero akudzigunda pamimba. "Inu akakuyezani akapeza chiguduli."

Mankhwala anamwa mokhulupirika, ndipo tulo ta pamakina tinatha. Miyezi isanu ndi umodzi itakwana anakayezetsanso. Tsiku lotenga zotsatira dokotala wa imvi uja kunalibe. Anapeza wina wachitsikana, amene kunja kwa chitseko chake kunali mzere wofika pa masitepe. Iye anayang'ana pepala, nayang'ana la kale, n'kunena osadzutsa mutu, "171. Yatsika. Pitirizani mankhwala, bambo. Wotsatira!"

Yatsika. Mawuwo anawaperekeza mpaka kushopu. Kumeneko anatenga choko cholembera nsalu nawerengera pa tebulo lodulira. Pa miyezi isanu ndi umodzi pachoka 65. Zikapitirira chomwecho, pakatha chaka ndi miyezi inayi sipadzatsala kanthu. Anabwereza kuwerengerako kawiri, poti iwo anazolowera kuyeza kawiri asanadule. Kenako anadzifunsa funso la mmisiri: nsalu ikamaperepeseka, chikuidya n'chiyani? M'thupi mwawo chachilendo chinali chimodzi chokha. Anakumbukira mankhwala oyeretsera zovala, mmene amachotsera banga pa shati n'kudyanso shatiyo. Ndipo mawu aja akuti "pitirizani" anawamva ngati omwe achipatala amauza munthu amene amutaya kale.

Kubwerera kukafunsa kunali kotheka, chipatala sichinali kutali. Koma iwo anali atanena pamaso pa dokotala kuti amva kwambiri. Telala wa zaka makumi atatu akafunse kuti ulusi n'chiyani? Anafufuta choko chija ndi chikhatho.

Tsiku la nkhani yathuyi linali Lachinayi. A Telala anali kusita magauni oyera asanu ndi limodzi, oda ya ogwira ntchito mu labu, chipinda choyezera magazi cha chipatala chomwecho. A Chidendene anasuzumira pakhomo, misomali iwiri ili pakamwa, nsapato ya mwini ili m'manja.

"Aneba, mwadzuka?"

"Ndadzuka, kaya inu dokotala wa zidendene."

"Ife tadzuka. Koma makina anu masiku ano akulira ngati ali ndi ngozi. Kale ankati tatatata, ine n'kumakhomera misomali pa nyimbo yomweyo. Pano akuti ta, kenako zii, kenako ta. Ndadzikhoma chala kawiri chifukwa cha inu."

"Muzikhoma ndi maso, osati ndi makutu."

"Nanga dzulo uja munamubweza bwanji, wa masuti a ukwati uja? Ntchito yonona ngati imene ija?"

"Ukwati wake ndi wa chaka chamawa kumapeto. N'kutali."

"Kutali? Mukusamuka?" A Chidendene analavulira misomali m'dzanja n'kuwayang'anitsitsa. "Suti ya bwana ija ili bwanji m'katimo?"

"Ilipo," anatero a Telala, nakanikiza simbi pa kolala yomwe inali yosalala kale. "Pitani, fungo la nsapato zanu lilowa m'magauni a eni."

Anapinda magauniwo, nawakulunga m'pepala, nakwera basi.

Labu inali kumapeto kwa khonde lalitali la m'kati, kupitirira pomwe anthu amakhala pabenchi atapinda mkono, kathonje kali pa mtsempha. Kawiri konse a Telala anathera pabenchi pomwepo, ndipo kumene magazi awo ankapita akalowa pa kawindo sankakudziwa. Lero anagogoda pa chitseko chenichenicho. Anatsegula ndi mkulu wa labuyo, mayi wamtali amene a Telala ankamudziwa ndi muyeso wake: mikono ya gauni yake inkafuna kuwonjezera mainchesi awiri.

"A Telala! Mwafika bwino, koma mwandipeza manja ali m'madzi. Imani apa, musadutse mzere wachikasuwo. Mphindi zisanu zokha."

Anaima pa mzerewo, phukusi lili m'khwapa. M'chipindamo munali mozizira, mukununkhira sipiriti. Pakona makina ena obulungira ngati mphika ankang'ung'udza, ndipo khutu la a Telala linavomereza kuti ameneyo ndi makina odzozedwa bwino. Panali mafiriji awiri, ndi timachubu ta zivindikiro zofiira titaima m'mizere. Pa tebulo, patsogolo pa mayiyo, panali kambale ka pulasitiki kosaposa chikhatho, kokhala ndi timaenje ting'onoting'ono m'mizere yowongoka. Timaenjeto tinali ndi madzi obiriwira ngati thambo, ena owala, ena akuda bii. Kawotchi kanalira. Mayiyo anatenga chida chokhala ndi milomo isanu ndi itatu nayamba kudontheza, mzere ndi mzere, ndipo paliponse pomwe dontho lagwera, mtundu uja unkasanduka wachikasu nthawi yomweyo.

"Ha!" a Telala analephera kudzigwira. "Utoto umenewo mukanandigawira, mayi, ndikanalemera."

Mayiyo anaseka osatembenuka. "Uwu ndi wodula kuposa suti. Lachinayi lililonse ndimapanga zimenezi, ndi tsiku la kolajeni." Analowetsa kambaleko m'makina ena, nadina batani, navula magolovesi n'kusamba m'manja.

A Telala anatchera khutu. "Kolajeni wa mtundu wachinayi?"

"Eee, mpaka mukumudziwa ndi mtundu womwe? Anthu ambiri amangoti magazi a chiwindi."

"Ndinamvapo. Ndiye mumamuona bwanji, poti magazi ndi ofiira?"

Anthu ogwira ntchito kuseri kwa kawindo safunsidwa kawirikawiri za ntchito yawo, ndipo akafunsidwa amamasuka. Mayiyo anafotokoza uku akumasula phukusi. Anati magazi akabwera amawasiya agwirane, kenako amawazunguza m'makina obulungira aja mpaka ofiira atakhala pansi, pamwamba n'kutsala madzi achikasu. Madziwo amawasunga mufiriji yowumitsa kufikira Lachinayi, kuti a anthu ambiri ayezedwe pamodzi. M'kaenje kalikonse muli mankhwala ogwira kolajeni yekhayo, zina zonse zimachoka potsuka. Kenako amathira zopatsa mtundu, ndipo makina amawerenga kukula kwa mtunduwo n'kuusandutsa nambala.

"Kaenje kalikonse ndi munthu," anatero akupisa mkono m'gauni yatsopano. "Kupatula mizere iwiri yoyambayo, imene ndi miyeso yodziwika kale, yofanizira. Ndiye tepi yathu yoyezera imeneyo. Mtundu ukakhala wakuda, ndiye kuti kolajeni ndi wambiri."

"Ndiye akuda aja ndi amwayi," anatero a Telala motsitsa.

Mayiyo anaima, mkono umodzi uli m'gauni, wina uli panja. "Amwayi? Amene aja ndi omwe ndimapita nawo kunyumba m'mutu. Ine ndimasangalala ndi otuwa."

Makina a pakona aja anayamba kuchepetsa liwiro, kulira kwake kukutsika mpaka kutheratu. A Telala anapisa m'thumba la shati natulutsa mapepala awiri opindidwa kanayi, omwe m'mphepete mwake munali mutada ndi kugwiridwagwiridwa.

"Mayi, pepani. Tandionerani awa."

Mayiyo anamaliza kuvala, nawerenga. Anayang'ana dzina, nayang'ana a Telala. "Kani ndi anu? Awa ndinayeza ndine, siginecha iyi ndi yanga. Timachubu timabwera ndi manambala, nkhope sitiziona. Bambo, ine si dokotala, za chithandizo sindilowerera. Koma nambala ndimaidziwa. Munali pa 236, mwafika pa 171. Mwayenda ulendo wabwino. Simunafike pomwe timafuna, pa muyeso wathu uno timakondwa ikatsika kupitirira 140, koma mukulowera komweko."

"Kutsikako ndiye kwabwino?"

"Nanga!"

"Koma adokotala anati ndi ulusi wa nsalu ya m'kati. Nsalu ikachepa ulusi ndiye kuti yatha. Zimenezo ndiye musandiphunzitse, mayi, ndakalamba nazo."

Mayiyo sanaseke, ndipo pa chimenecho a Telala anamuthokoza mumtima kwa masiku ambiri. Anakoka mpando nauika pa mzere wachikasu uja kuti akhale.

"Nsalu yanuyo ili m'malo mwake, sitikuiwerenga ulusi ayi. Nkhani ndi iyi. Kachilombo kakamavulaza chiwindi, chiwindicho chimadzikonza chokha. Chavulala apa, chaikapo ulusi. Chavulalanso, chaikaponso wina pamwamba pa woyamba uja. Zikachitika zaka zambiri chimadzaza zipsera, chimauma, chimalephera ntchito. Ndiye pa kumasula ndi kulukanso kumeneko, tizidutswa ta ulusiwo timagwera m'magazi. Ifeyo timatola timeneto."

A Telala anayang'anitsitsa mpendero wa gauni ya mayiyo. Anaona shopu yawo sabata yotsegulira sukulu, pamene makolo amabweretsa mayunifolomu ong'ambika m'mawondo ndi m'matako. Sabata imeneyo munthu umangosomola ndi kuika zigamba, ndipo pofika madzulo pansi pamakhala poyera ndi tiulusi, tsache limachita kulemera. Anaonanso mathalauza ena omwe amabwera kachisanu, chigamba pamwamba pa chigamba, mpaka bondo lake kuuma gwa ngati chikumba, singano kuthyokerapo.

"Ndiye kuti," anayamba pang'onopang'ono, "inu simuyeza chovala. Mumayeza zinyalala za pansi."

Mayiyo anaphethira. "Chiyambireni ntchito ino sindinaiganizepo choncho. Koma eya. Ndi zomwezo."

"Pansi pakachuluka ulusi ndiye kuti m'nyumbamo mukung'ambika zambiri."

"Eya."

"Ndipo pakayamba kuyera..."

"Ndiye kuti zong'ambika zachepa. Mankhwala anu akugwira ntchito, bambo. Ingopitirizani momwemo."

Chimwemwe chinawakwera a Telala, koma pomwepo chinakumana ndi mapiritsi aja a m'kadilowa ka makina. Anagwira chipewa chawo ndi manja awiri nachizunguza.

"Mayi, nanga munthu atati wasiya?"

"Wasiya chiyani?"

"Mankhwalawo. Mwachitsanzo."

Nkhope ya mayiyo inasintha. "A Telala, mwachitsanzo masiku angati?"

"Khumi. Ndi lero."

Mayiyo sanakalipe. Anaitana mnzake wa m'chipinda china kuti ayang'anire makina, natenga mapepala aja. "Nyamukani. Mankhwala amenewa sasiyidwa mwadzidzidzi. Kachilomboko sikanafe, kanangogonekedwa, ndipo kakadzuka kamatha kudzuka ndi ukali woposa kale. Tiyeni kwa adokotala pompano."

"Pali mzere, mayi. Ndibwera mawa."

"Mawa lake liti? Inu mukandiuza kuti gauni itha mawa ndimadziwa kuti ndi sabata yamawa. Tiyeni."

Anayenda m'khonde muja mayiyo ali patsogolo, ndipo a Telala anaona kuti paphewa la gauniyo patsala kachizindikiro ka choko. Anafuna kukasasa, koma anaona kuti si nthawi yake.

Anapeza dokotala wa imvi uja. Mayi wa kulabu analankhula naye mawu ochepa n'kubwerera ku ntchito yake. Dokotalayo anavula magalasi, natikita m'maso, namvetsera nkhani yonse, ya nsalu ya m'kati, ya choko, ya mankhwala oyeretsera zovala. Ulendo uno sanafulumire.

"Fanizo lija ndinapereka ndine," anatero pomaliza. "Ndinakupatsani theka, theka linalo munasoka nokha."

"Ndinasoka mopotoka, adokotala."

"Tonse tapotoza. Tsopano mverani. Muyambirenso lero lomwe, osadikira mawa. Limodzi patsiku, osati kumwa onse khumi kuti mubweze. Panopa akutengani magazi tione ngati chiwindi chatupa m'masiku amenewa. Zotsatira zake ndi mawa m'mawa. Ndipo mubwere ndi akazi anu."

"Akazi anga atanganidwa, adokotala."

"Akudziwa?"

A Telala anayang'ana kalendala ya pakhoma.

"Mubwere nawo," anatero dokotala.

Jakisoni sanawawe. Chimene chinkawawa chinali m'tsogolo. Atatsika basi anapeza akazi awo atakhala pa mpando wa makasitomala, atabweretsa chakudya chamasana monga mwa masiku onse, akucheza ndi a Chidendene. Akazi awowo ankagulitsa masamba ndi zipatso pa msika wapafupi, ndipo anali munthu wosachedwa kuona chinthu chofota.

"Mwachedwatu, abambo. Nanga kathonje ako pamkono? Mumakapereka magauni kapena magazi?"

A Telala anaganiza zodikira kuti a Chidendene achoke. Kenako anaona kuti akadikira, adikiranso china. Anapita pa makina, nasolola kadilowa konse, nakakhuthulira pa tebulo lodulira. Mabobini anagubuduka, mabatani anabalalika, ndipo pakati pake panali mapiritsi aja, ena akadali m'timapepala tomwe mayiyo anakulunga ndi manja ake.

Akazi awo anaimirira. Anatola kapepala kamodzi, nakafunyulula, nakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayamba kusankha mapiritsiwo pakati pa mabatani, limodzilimodzi, akuwaika pambali. A Chidendene anayamba kubwerera chafutambuyo.

"Khalani pomwepo, alamu," anatero mayiyo osawayang'ana. "Mukhale mboni, mwina ine ndikulota." Anamaliza kusankha. "Khumi. Ine m'mawa uliwonse kukulunga, kunena kuti musaiwale, inu n'kumati zikomo amayi. Mumati zikomo chiyani?"

A Telala anafotokoza. Anafotokoza bwino, poti tsopano nkhaniyo ankaidziwa mbali zonse, mpaka za chaka ndi miyezi inayi zija. Mayiyo anakhala pansi.

"Ndiye masiku onsewa mumadziwerengera maliro nokhanokha? Kudya nane mbale imodzi, kugona nane, mumtima mukutsanzika?"

"Sindinafune kukudetsani nkhawa."

"Mukanandidetsa! Nkhawa ndi yanga, ndinakwatiwa nayo. Mukanandiuza tsiku lomwelo ndikanapita ine kukafunsa, ine ndilibe manyazi a utelala." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Safunsa anadya phula, abambo. Inu mwadya ndi njuchi zomwe."

"Komatu aneba," analowererapo a Chidendene mosamala, "ndiye kuti pamene munkati ndinu suti ya bwana paja, ndi pamene munali chiguduli?"

Mayiyo anayesa kudzigwira, koma mseko unawapulumuka pakati pa misozi. A Telala nawo anaseka, koyamba m'masiku khumi. Mayiyo anathira madzi m'kapu, nasankha piritsi limodzi lomwe linali lokulungidwa bwino, naliika m'dzanja la amuna awo.

"Imwani ndikuona. Tsegulani pakamwa. Kwezani lilime."

"Amayi, pali anthu."

"Alamu si anthu. Kwezani."

M'mawa mwake anali pabenchi ya chipatala zitseko zisanatsegulidwe. Dokotala anawalowetsa onse awiri, nayala pepala latsopano pa tebulo. Anati manambala awiri osonyeza kutupa kwa chiwindi akwera pang'ono, chizindikiro chakuti kachilombo kanayamba kutakataka, koma sanafike poopsa. Anati akanatha mwezi wina kapena iwiri nkhani ikadakhala ina. Adzayezenso pakatha milungu inayi, ndipo kolajeni adzamuonanso nthawi yake ikakwana.

"Sindikulonjezani kuti zipsera zonse zidzatha," anatero. "Koma chiwindi ndi chiwalo chokhululuka. Mukachisiya pa mtendere chimabweza zambiri. Mwamva?"

A Telala anatsegula pakamwa kuti ayankhe monga kale, koma dokotala anakweza dzanja.

"Ayi, musandiuze kuti mwamva. Ndiuzeni zimene ndanena."

Anabwereza zonse, mwadongosolo, ndipo pomwe anaphonya akazi awo anakonza. Dokotala anagwedeza mutu. Anatsanzika, natuluka, ndipo bambo wina wonenepa amene anali woyamba pamzere anaimirira kuti alowe. Koma a Telala anaima pakhomo, akuyang'ana pepala lija. Panali manambala asanu ndi awiri, ndipo dokotala anakambapo awiri okha. Anatembenuka nagogoda pa chitseko chomwe anali asanachitseke n'komwe.

"Pepani adokotala. Pa manambala onsewa, ndi iti yofunika kukwera, ndi iti yofunika kutsika?"

Dokotala anatenga pepalalo najambula timivi pambali pa nambala iliyonse, tina toloza kumwamba, tina pansi. Pa ina analemba mzere wopingasa, kutanthauza kuti ikhale pomwepo. A Telala anathokoza, natuluka, nayenda masitepe atatu. Kenako anaimanso.

"Nanga tsiku lina nditaiwala kumwa m'mawa, n'kukumbukira madzulo?"

Anabwerera. Bambo wonenepa uja, amene anali atalowetsa kale phazi limodzi, anaponya manja m'mwamba.

"Akulu, kodi mukufunsira ntchito m'menemo? Enafe tabwera kusanache!"

Mzere wonse unang'ung'udza movomereza. Akazi a Telala anatembenuka, naima pakati pa khomo ndi mzerewo, chikwama chili pamimba.

"Pepani bambo, pepani nonse," anatero mofatsa. "Asiyeni afunse. Angoyamba kumene."